Diso Lamanja

Chikwawa,
14 Okutobala 2024

Okondedwa Achemwali Otilia,

Ndikhulupirira munafika bwino ku Mzuzu. Kuno kwatentha monga mudziwa, koma chikundiotcha ine si dzuwa, ndi foni imene munawaimbira a Edmund.

Dzulo andichotsa m'timu yopita ku mpikisano wa madatsi, masewera athu oponya timivi pa bolodi aja, ku Blantyre. Anandiitanira pambali n'kundiuza kuti achemwali anga, omwe ndi anamwino, akuti diso langa lamanja lachita ng'ala. Kodi munaiwala kuti a Edmund si kaputeni wa timu chabe, komanso ndi bwana wanga kuntchito? Lero m'mawa mfuti yanga aitsekera mpaka ndikaonane ndi dokotala. Zaka makumi awiri ndakhala ndikuwombera ng'ona zovutitsa anthu mu Shire, lero Smart, mlenje mnzanga, akundifunsa pagulu ngati andisemere ndodo yoyendera.

Ndikufotokozereni, popeza simunafunse. Ife owombera timaphunzitsidwa kutsinzina diso lamanzere, kulunjika ndi lamanja, n'kugwira mpweya. Madatsi tinayamba kuti dzanja lisachite dzimbiri miyezi imene kulibe zipolopolo zoyeserera. Anthu ambiri amaponya timivi timeneti maso onse ali otsegula, koma ife chizolowezi cha mfuti sichitichoka, timatsinzinabe. Inu munandiona pa bolodi ya pakhonde ndikutsinzina lamanja m'malo mwa lamanzere. Zoona, ndinasintha. Nanga simunaone timivi tonse titatu tikubaya pamodzi, pomwe ndinaloza? Munaomba m'manja, munadya mlamba umene anakuotcherani mlamu wanu Jacqueline, munanditsanzika mukumwetulira, kenako muli m'basi n'kuyamba kuimba mafoni. Mukanandifunsa ine, mlongo wanu, pakhonde pomwepo.

Ndikudziwa yankho lanu, muti ndikanakana. Inde, ndikanakana.

Pali china chimene simudziwa, ndipo musaganize kuti pokuuzani ndiye ndakukhululukirani. Pa bolodi munthu angathe kusintha diso. Pa mfuti sizitheka, chifukwa imakhala paphewa lamanja. Mu Ogasiti anandituma kwa Katunga kukapha ng'ona imene inkang'amba maukonde. Inali itagona pamchenga, pafupi ngati kuchoka pakhonde lathu kufika pachitsime. Nditatsinzina lamanzere ndinangoona utsi. Ndinawombera, inathawira m'madzi, ndipo mu lipoti ndinalemba kuti inadzidzimuka ndi phokoso la ngalawa. Patapita masabata awiri inagwira a Yobu, msodzi wa komweko. Anapulumuka, koma dzanja analidula. Nditapita kukawaona m'chipatala anandiuza kuti, "Musadandaule abwana, inu munayesetsa." Kuyambira tsikulo ndinkaponya timivi mpaka phewa kuwawa, kufuna kudzitsimikizira kuti maso anga ali bwino.

Nkhaniyi mawa ndikawauza a Edmund ndi pakamwa panga. Chonde musanditsogolerenso ndi foni.

Masana ano ndaonana nawo adokotala, akuti ndipite pa 29 akachotse ng'alayo, ndipo pafunika wondiperekeza, pakuti diso adzalimanga. Jacqueline mumamudziwa, akangoona singano amakomoka. Ku Blantyre anzanga akasewera pa 26, pamalo panga aikapo Smart, amene mpaka lero amasokoneza kuwerengera zigoli.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Leonard. Favour mumuuze kuti timivi ankapempha tija ndamusungira, koma aphunzire kuponya maso onse ali otsegula, asatengere amalume ake. Inu moni wanu sindilemba muno. Mudzaulandire nokha kuno pa 28, mukwere basi ya m'mawa mudzandiperekeze kuchipatala, popeza munayambitsa ndinu.

Ine mlongo wanu wokwiyabe,
Golden