Achimwene Sanabe Akavalo

Okondedwa Bambo,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi amayi. Nanga bondo lija likuvutabe m'mawa? Kuno tilipo, kungoti chimfine chinandigoneka sabata yatha, ndipo makina anga osokera ayamba kudula ulusi ngati nawonso atopa nane.

Ndalemba kalata chifukwa achimwene akamaimba foni mwasiya kuyankha. Ndikudziwa kuti msuweni wathu wapakamwa uja anakuuzani kuti mwana wanu wagwidwa akubera pa mpikisano wa magalimoto. Iyeyo anangotola mchira wa nkhani n'kuthamanga nawo. Ine ndinalipo, ndiye imvani kwa ine.

Achimwene akhala akukonza galimoto yothamanga ya dokotala wina wa mano, kagalimoto kofiira, kakafupi moti polowa umachita kugwada. Lamulo la mpikisanowo ndi loti injini isapitirire mphamvu ya akavalo 300. Musaseke, Bambo, mphamvu ya injini amaiwerenga m'akavalo, ngakhale palibe anawaonapo n'komwe.

Poyeza satulutsa injini m'galimoto. Amakweza galimotoyo pa migolo yachitsulo yozungulira, n'kuimanga ndi malamba, ndiye makina amawerenga mphamvu imene yafika ku matayala. Komatu si yonse imafika. Ina imathera m'njira, m'magiya ndi m'zitsulo zozunguza matayala, ngati madzi a m'ndowa yodontha. Choncho oyeza amangoyerekeza kuti pa akavalo 100 alionse, 15 atayika, n'kuwabwezera powerengetsa.

Galimoto ya achimwene ija inaonetsa 264 ku matayala. Atabwezera otayikawo, inadumpha 310. Pomwepo amakaniko a magalaja ena anayamba kunong'onezana kuti Magiya, ndilo dzina la achimwene kuno, wakuza injini mobisa. Chilango chake ndi kuletsedwa chaka chathunthu, ndipo makaniko akatchedwa wakuba, angam'patsenso galimoto ndani?

Dokotala uja thukuta linali kamukamu. Anawakokera achimwene pambali, ine ndikumva, n'kuwapempha kuti angoifooketsa pang'ono injiniyo pa kompyuta, ayezetsenso, nkhani ithe. Achimwene anayankha mwaulemu, akupukuta m'manja, kuti akatero ndiye kuti avomera mlandu umene sanapalamule. Anati injini ili m'malamulo, ntchito yawo yonse inathera pokonza njira imene mphamvu imadutsa. Ndipo n'zoona. Ndikapita kukawaona ku galaja ndinkawapeza atakhala pa kreti, akusalaza mano a magiya limodzilimodzi, akuyesa mafuta awa ndi awo, akuzunguza tayala ndi chala chimodzi, khutu lili tcheru. Ndinkawaseka kuti mlamu amene adzatibweretsere ndi giyabokosi.

Mkulu wa oyeza ndi mayi wina wa imvi, wosaseka wamba. Atamva mbali ya achimwene, anavomera kuti 15 ija ndi yongoyerekeza, imakwanira magalimoto ambiri koma osati onse, ndipo njira yoifunsa galimoto yeniyeniyo ilipo. Koma anawachenjeza kuti ikapezekabe yopitirira, chilango chiwirikiza chifukwa chokana mlandu. Achimwene anavomera osaphethira. Ine ndinawatsina, koma sanacheuke.

Anaithamangitsa pa migolo ija mpaka malata a chipindacho kunjenjemera, ine nditatseka makutu. Kenaka anaponda kilatchi n'kusiya matayala kuti azungulire okha mpaka ataima. Akaima msanga ndiye kuti magiya amadya mphamvu yambiri, ndipo achimwene anama. Bambo, matayala aja anakana kuima! Anangozungulirabe, phokoso likutsika pang'onopang'ono.

Makina anaonetsa kuti otayika ndi 30 okha. Kuphatikiza ndi 264 aja, injini ili pa 294, pansi pa malire. Mayi uja anavula magalasi, n'kugwada ndi ukulu wake wonse kusuzumira kunsi kwa galimoto. Atadzuka anawagwira chanza achimwene, girisi ndi girisi, n'kunena pamaso pa onse kuti chiyambire ntchitoyi sanaone giyabokosi ya mtunduwo yotaya mphamvu yochepa chonchi. Onong'ona aja ndi amene anali oyamba kufunsa kuti mafutawo amagula kuti. Dokotala anamwetulira mano onse, ndipo ndi okongoladi.

Ine ndinalira, sindibisa. Ndinkaona ngati achimwene akutaya nthawi pa kreti paja, osadziwa kuti kuona maso a nkhono n'kudekha. Munthu wofatsa uja, amene ndinkamulanda chakudya tili ana iye osadandaula, anaima yekha pakati pa gulu osagwedezeka. Ndimawanyadira kwambiri.

Koma achimwene eni ake sanasangalale. Pobwerera m'basi ankangoyang'ana pawindo. Nditawaumiriza anandiuza kuti amakaniko aja akanawatcha wakuba chaka chonse, iwo akanapirira. Chimene chikuwadya ndi choti bambo awo anakhulupirira osawafunsa ngakhale funso limodzi.

Pempho langa ndi limodzi. Mpikisano uli Loweruka likudzali, ndipo achimwene ati ayesanso kukuimbirani Lachisanu akaweruka. Sindikuti muyambe kukonda magalimoto othamanga, ndikudziwa mumati ndi zidole za anthu olemera. Ingoyankhani, ngakhale mungowafunsa ngati adya.

Moni kwa amayi, auzeni kuti diresi lawo ndatsala ndi mabatani okha. Moninso kwa azakhali, amalume ndi ana a achemwali onse. Msuweni uja mumuwerengere kalatayi mokweza, aithamangitsenso monga anathamangitsira nkhani ija.

Foni ikalira Lachisanu, Bambo, ndi mwana wanu woyamba, ndipo m'manja mwake mwada ndi girisi basi.

Tsalani bwino,
Ndine mzime wanu wovuta uja.