Kalata ya a Alexio sinapite

Amake Pemphero,

Pepani, ndanyamuka musanabwere kuchokera kuchipatala. Kalata munalembera achimwene anu a Alexio kunja kuja, yowauza za matenda a bambo, sinapite. Idakali m'kompyuta.

Wolakwa ndine. Lachiwiri munandiuza kuti ndizule waya wa foni mvula isanafike, ine ndinaiwala, ndipo mphenzi inawononga modemu, kachipangizo kolumikiza kompyuta ku waya wa foni kaja. Pulogalamu ya Linux ya m'kompyutamo ikuiona modemuyo bwinobwino, koma ndikailamula kuti iimbe ikungoti zii, kulira kwake kuja kumene Pemphero amathawa kulibe. Ndayesa foni pa waya womwewo, ikugwira ntchito. Choncho ndapita ku Lilongwe kwa Chimwemwe, mnzanga wa kukoleji uja, kuti kalatayo ipite lero pa kompyuta yake, ndiponso andibwereke modemu ina.

Disiketi yathu yonyamulira zolemba za m'kompyuta yakana kugwira ntchito, ndiye kalatayo ndaikopera pamanja. Potero ndaiwerenga yonse, mundikhululukire. Zimene mwanena za ine m'ndime yotsiriza sindinasinthe ngakhale liwu limodzi, koma ndachita manyazi ndili ndekha m'nyumba.

Pokopera ndakumbuka zaka zija ndili kukoleji, pamene kalata yanu yochokera ku Chezi inkayenda masabata awiri, ine n'kumaiwerenga mpaka kung'ambika mopinda. Lero tikukhala nyumba imodzi, koma mawu okoma otere ndikuwapeza m'kalata yopita kwa mlamu wanga.

Foni ndailumikizanso, kuti a Alexio akalandira uthenga athe kuimba. Kukayamba kugunda, zulani waya. Inu simuiwala.

Kapepalaka musakolezere moto. Mukaike m'chitini muja muli makalata athu akale.

Ine wanu,
Elisha