Ndinamva ndi Khutu, Osati ndi Phazi

Amayi, kodi kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno kukomboni kwathu ku Mtendere tilipo. Mdzukulu wanu Amina anabereka mwana wamkazi ku Kitwe, ndipo anamutcha dzina lanu. Ine sindinamunyamulebe. Achimwene Yusufu anawachotsa ntchito kampani yawo itagulitsidwa, basi anabwerera ku Mangochi. M'nyumba muno ndatsala ndi makina anu osokera, ndiye amene ndimacheza nawo. Ntchito yachepa chifukwa cha salaula, zovala zakale zochokera kunja zija. Masiku ano ndimangochepetsa majekete a azungu kuti akwane ana a sukulu.

Nkhani imene ndakulemberani ndi ya mapazi. Shuga uja munandisiyira pamodzi ndi makina. Mwezi wathawu ndikusamba kuti ndiswali, ndinaona phini italowa kunsi kwa chala chachikulu, magazi atauma kale. Sindinamve kanthu, Amayi. Ndinakumbukira kuti inunso zinayamba ndi kabala kakang'ono, mpaka madokotala anakudulani mwendo. Ndinachita mantha kwambiri. Paja munkati telala amadyera m'phazi.

Ku kiliniki, namwino wina anatenga kachitsulo ka mphanda, nakamenya padzanja pake, n'kukakhazika pachala changa. Kanalira ngati udzudzu. Anandifunsa kuti, "Mumvela, bamayo?" Ine ndinati eya, nimvela. Nanga sikankalira? Anasunthira pakakolo, ndinavomeranso. Anandiuza kuti misempha ya m'mapazi ili bwino, ndipo ndinabwerera kunyumba mtima uli m'malo.

Koma balalo silinapole msanga, choncho ndinapitanso. Ulendo uno ndinapeza baChanda, dokotala wachibemba wosachedwa kuseka. Iwo anatulutsa kaulusi kolimba ka nayiloni, konga kowedzera nsomba, nandiuza kuti nditsinzine ndipo ndinene akandikhudza. Ndinatsinzina, n'kudikira. Ndinadikirabe mpaka ndinawafunsa kuti ayamba liti. Anati amaliza kale phazi lakumanja.

Nditawauza za kachitsulo kaja, anakabweretsa, nakamenya, n'kukagwira m'mwamba osandikhudza n'komwe. Anafunsa ngati ndikumva, ine ndinavomera. Anaseka mpaka misozi. Ndiye kuti tsiku lija namwino ankafunsa za kunjenjemera pachala, ine ndikuyankha za kulira m'khutu, tonse ndi mawu amodzi omwewo. Atakakhazika pabondo ndinamva kunjenjemerako, koma pachala zii. BaChanda anati kachitsuloko sikanama, nthawi zina kamagwira matendawa msanga kuposa kaulusi, kungoti funso lake limafuna kulongosola. Kaulusi kalibe phokoso, ndiye khutu silingalowerere. Munkanditcha mwana wosamva, Amayi. Taonani lero, kumva kwanga n'kumene kukanandipweteketsa.

Tsopano ndimadzifunsa za inu. Ndikukumbukira mukuchokera kuchipatala mukunena kuti akuyezani ndi kachitsulo koimba ndipo mwakhoza. Kodi inunso munamva ndi khutu? Palibe amene angandiyankhe.

BaChanda anandipatsa kaulusi kamodzi kuti wina wa kunyumba azindiyeza nthawi ndi nthawi. Anandifunsa kuti ndimakhala ndi ndani, ndipo ndinangoti tilipo. Ndinayesa ndekha, koma sizitheka. Ndikatsinzina sindiona pokhudza, ndikayang'ana maso amayankhira phazi. Kaulusi kameneka kamafuna anthu awiri. Ndinakhala pampando wanu nditakagwira, n'kulira, chifukwa chiikireni maliro anu palibe munthu amene wagwirapo mapazi anga kupatula achipatala.

Mukudziwa kuti sindikonda kupempha, ndinatengera inu. Komabe mawa ndikagogoda kwa amake Mutale, aja a nyumba yoyandikana nafe amene timangopatsana moni pampanda. Ndikavula nsapato pamaso pawo, manyazi kapena ayi, ndiwapatse kaulusiko, nditsinzine. Ndikulonjeza, Amayi. Ndidzabwera kwa inu nthawi yanga ikadzakwana, koma ndikufuna kudzafika ndi miyendo yonse iwiri.

Ndine mwana wanu wokusowani,
Halima