Chibokosi cha Gemu cha Ababa Chayaka

Amayi, mwadzuka bwanji kumene muliko? Ine kuno ndikulemba mothamanga ndi chisangalalo, ndiye zilembo zikapotoka mundikhululukire. Nkhani ndili nayo, koma ndiyambe ndi zapakhomo, mungati mwana wanu wataya ulemu.

Mpunga wa kusikimu ya Likangala wachita bwino chaka chino, ngakhale mbalame zinatilanda mbali ya kumunsi. Nyanja yadzaza, matemba abwerera. Mng'ono wanga Alinafe anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, ndipo kukwiya kwake ndi inu ndendende. Akafuna kulira amayamba wakweza chibwano.

Vuto linali ababa. Utatha mwambo wowasudzula, amalume ananena poyera kuti palibe akuwathamangitsa, koma iwo anamanga katundu kuti abwerere kwawo ku Chisi. Akuti, "Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka. Mkazi ndilibe, ntchito ndilibe, ndizikhalira chiyani pamudzi wa eni?" Amayi, ku Chisiko kwatsala ndani? Abale awo onse ali kumanda. Ndinalira, ndinakalipa, ndinanyengerera, koma amuna anu mukuwadziwa. Anati mpunga ukangolowa m'nyumba, iwo akwera boti. Ndinakumbukira mawu anu aja, oti mwamuna wopanda chogwira amakalamba kawiri.

Tsopano mukukumbukira chibokosi cha gemu chija ababa anabwera nacho kuchokera ku Joni, chimene chinkaima pakhonde la golosale yathu kudoko? Chija munkachitcha mkazi mnzanu, poti ankachipukuta m'mawa asanakupatseni moni? Chitafa munachikokera kukhitchini, nkhuku zanu n'kumaikiramo mazira zaka zonsezi. Ndinachitulutsa. Pepani, nkhukuzo ndazisamutsira m'dengu, ndipo mpaka lero zikundiyang'ana ndi diso loipa.

Chinali chomvetsa chisoni. Chiswe chinadya mbali zonse ziwiri, m'kati zitosi ndi nthenga zokhazokha. Che Amidu okhoma mabwato aja atachiona anaseka mpaka kukhala pansi, komabe anachikhomera matabwa a bwato n'kumata phula m'mipata monse. Ndinawauza kuti si chopita pamadzi ichi, iwo akuti manja awo sadziwa kusiya mpata pakati pa matabwa. Penti anapakanso ya mabwato. Mukachiyandikira chikununkha doko!

Zam'kati ndinapita nazo ku Songani kwa a Namakhwa okonza mawailesi. Anapukuta fumbi, anawotcherera mawaya amene makoswe anadula, ndipo pamene panali galasi lakufa lija anaikapo la TV yakale. Moto tikutenga ku sola ya Alinafe yotchajira mafoni. Zonsezi ababa ankangoonera patali, ati tikuvutitsa mtembo.

Dzulo masana a Namakhwa anabwera n'kulumikiza batire. Amayi inu! Chinalira kanyimbo kake komwe kaja, tiii-ti-ti, kamene kankakusokonezani mukamaloweza nyimbo za kwaya. Tizilombo tija tinayamba kutsika m'mizere, kandege kowombera kali pansi kudikira. Ndinakuwa ngati ndaponda njoka. Anthu anathamanga kuchokera kudoko, ena nsomba zili m'manja.

Koma kusewera, ayi ndithu. Paja chimameza ndalama yachitsulo ya matambala, ija inatha kalekale. Tinaponyamo zachitsulo za masiku ano, chinalavula. Tinaphwatalitsa chitsekerero cha botolo, chinakana. Anthu anayamba kuseka, ine thukuta lili kamukamu. A Namakhwa anati limeneli si vuto, aboola thabwa aikepo batani, aliyense azingodina yekha.

Apo ndi pamene ababa anadzuka pampando. "Muboole chiyani?" Analowa m'nyumba, tinamva akumasula katundu anamanga uja, ndipo anatuluka ndi kakiyi kadzimbiri. Ndiye kuti ankapita nako ku Chisi! Anagwada, anatsegula kachitseko kam'munsi, anapisa dzanja osayang'ana n'komwe n'kukhudza kawaya kena, gemu n'kuyamba. Anaimirira, anagwira kandodo kowongolera kaja, ndipo mdala amene amalephera kulowetsa ulusi pasingano anapha tizilombo mpaka asodzi anaiwala nsomba zawo padzuwa. Ankaseka, Amayi. Chichitikire maliro anu mano awo ndinali ndisanawaone.

A Namakhwa anandinong'oneza kuti batani lija ndi ntchito yosachedwa, angathe kuliika asanapite. Ndinawaponda phazi. Chikakhala ndi batani, munthu wa kiyi adzafunikanso? Mmene chililimu, wofuna kusewera ayenera kudikira ababa agwade atsegule, ndipo kiyiyo sapatsa munthu, ngakhale ine amene ndinatola zitosi zonse zija.

M'mawa uno mwini boti watumiza uthenga kuti malo a ku Chisi alipo Loweruka. Ababa anali atagwada kale pakachitseko paja, mzere wa anthu uli kumbuyo kwawo, amalume ali achitatu pamzerepo. Sanatembenuke n'komwe. Anangoti, "Kamuuzeni azipita. Ndikachoka, atsegula ndani apa?"

Ndinathawira kuseri kwa nyumba kukalira, kenako n'kumaseka ndekha ngati wamisala. Ndasangalala, Amayi, ndasangalala kwambiri, kungoti ndimafuna mukanamva kuyankhako ndi makutu anu.

Gonani mwamtendere, amuna anu tikuwasunga. Ndipo ndikukulonjezani kuti ine ndili moyo, chibokosi chimenechi sichidzaona batani.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Esinati