Moni Wongowonjezera Ndekha

Mitundu,
16 Novembala 2003

Wokondedwa mwana wanga Elube,

Ndikhulupirira uli bwino kutsidya la nyanja kozizirako. Kuno tilipo, kungoti amayi ako bondo lija likuwavutabe. Mvula sinagwe, koma mitambo yayamba kusonkhana cha ku Nathenje.

Kalata imene unalembera amayi ako ndinawawerengera ndine monga mwa masiku onse, poti iwo sadziwa kuwerenga. Unati ukufufuza kadontho kochepa kuposa fumbi, kotchedwa kwantamu doti, momwe mumatsekeramo timagetsi ting'onoting'ono. Unati timagetsito timakhala m'mikhalidwe yambirimbiri nthawi imodzi, koma kadonthoko kakakhudzana ndi zakunja, yofooka imazimirira, yolimba yokha n'kutsala, ndipo yotsalayo ndiyo imayenda mwadongosolo ngati zinthu zimene timaona ndi maso.

Amayi ako anati mutu wawapweteka. Ine ndinaseka, ndinati mwanayu akunena za nazale! Sabata ino ndachotsa udzu pamabedi a fodya, ndasiyanso kuthirira kuti mbande zikhwime. Zofooka zimafota, zopirira ndizo zimakaima m'munda.

Ndinakafotokoza zimenezi pamsika, mpaka a Wilson okonza njinga anandifunsa ngati nanenso ndinafikako ku yunivesite. Ndinawayankha kuti ndinatumako mwana. Elube, ndimakunyadira moti anthu atopa nane.

Koma pamenepo ndinanama. Sindinakutume ayi. Chaka chija ndinakusiyitsa sukulu kuti uzithirira nazale, mlongo wako Matthews akupita kukalasi. Ndinkauza anthu kuti ndikukukhwimitsa. Zoona zake, sindinkakhulupirira kuti mwana wamkazi angafike patali. Unabwerera kusukulu chifukwa cha khama lako ndi makani a amayi ako.

Pali bodza linanso. Zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, makalata ako amapereka moni kwa aliyense, ngakhale azakhali ako a ku Diamphwe, koma ine ayi. Ndikamawerenga ndimawonjezera ndekha kuti "ndi abambo". Amayi ako amaomba m'manja, amati unandikhululukira kalekale ine bambo ako.

Ndinalakwa, mwana wanga, pepa. Ngati ungathe, m'kalata yotsatira ulembe mawu awiriwo ndi dzanja lako. Ngati sungathe, sindikukakamiza, koma sindidzawonjezeranso. Ndidzawawerengera zolembedwa zokha, amve okha pamene mwana wawo amathera moni.

Undiperekere moni kwa anzako ofufuza nawo. Ambuye akusunge ndi kudalitsa ntchito ya manja ako.

Ndine bambo ako,
Esau Kamphinda