Khoma lija lang'ambikanso, bambo

A LAIMONI MALIZANI
a ku Dambe, m'boma la Neno

Bambo, zakwana zaka zitatu chitisiyireni, koma mawu anu aja akadali m'makutu mwanga. Munachenjeza kuti tchalitchi chakale chija chisapakidwe simenti. Munati njerwa zimene anaumba makolo athu zimafuna laimu ndi mchenga, poti khoma lakale limapuma ngati munthu. Ukalitseka ndi simenti, chinyontho chimasowa potulukira n'kumalidya m'kati. Palibe anakumverani. Aliyense ankafuna kuti chiwale msanga, alendo a chikondwerero cha zaka zana asanafike. Chinawaladi. Koma mvula itabwera kachiwiri, khoma la kubelu linagwa inu muli pansi pake, mukuyesa kulichirikiza ndi mitengo.

Timakumbuka m'mene munkagogodera khoma ndi chala, khutu mutaligunditsa pomwepo, ana akukusekani, inunso n'kumaseka nawo. Munkati chokonzedwa bwino sichidzionetsera, chimangokhalitsa basi. Amayi anga, a Mailesi, mpaka lero amayang'ana kumbali akamadutsa patchalitchipo popita kumunda. Mdzukulu wanu Ruth, amene munamusiya ali m'mimba, pano akuthamanga, ndipo pamene amakonda kusewera ndi pamthunzi wa khoma lomwelo.

Analimanganso, bambo, ndi simenti yomweyo, pamwamba pa njerwa zonyowa zija. Nyumba yathu mukuidziwa, ili m'munsi mwake. Mng'alu pakhoma la tchalitchilo unayamba ngati ulusi. Mwezi watha ndinkalowetsamo kaudzu, dzulo chala changa chalowamo chonse. Ndagogoda monga munkachitira inu, ndipo m'katimo mukumveka ngati ng'oma. A Ackim, akamwini anu, akuti ndine wamantha, eti khoma la simenti siligwa kawiri. Mwina ndinedi wamantha. Belu akangolira, ine maso amakhala pa mng'alu, dzanja litagwira mkono wa mwana.

Mitambo yayamba kale kuda kumapiriku. Ndiye mundikhululukire, chaka chino sindifika kumanda kwanu kudzalambula. Zovala za Ruth ndamanga kale m'chitenje. Amayi ndawapempha mpaka misozi, koma akana, akuti sangakusiyeni nokha. A Ackim akafuna, atipeza kwa azakhali ku Lisungwi. Ine ndi mwana tinyamuka kusanache.

Sitidzakuiwalani, bambo. Ulendo uno ndakumverani.

Ine mwana wanu Loveness