Azakhali Anandiyankhira Mafunso a Namwino

Aphungu,

Ndine telala, mayi wa ana atatu. Mwezi watha ndinakomoka ndili pa makina, ndipo kuchipatala anandipeza ndi BP. Anandiperekeza ndi azakhali, amene anandilera mayi anga atamwalira. Pano akalamba, ndikuwasunga ndine.

Atandipatsa mankhwala, namwino anatulutsa pepala, akuti akuchita kafukufuku. Koma mafunso ake! Muli mwana munkamenyedwa? Munkagona ndi njala? Munkaopa munthu wa m'nyumba momwemo? Ndisanatsegule pakamwa, azakhali analumphira: "Ameneyu? Ndinamulera ngati dzira!" Ine ndinangozolika, namwino n'kuchonga "ayi" mpaka pansi.

Chilungamo chake, Aphungu, ndikaswa kapu azakhaliwo ankanditsekera mosungira makala tsiku lathunthu. Mpaka lero sindisoka chitseko chili chotseka, ndipo wina akachimenyetsa mtima umagunda ngati ndathamanga.

Tsopano namwino uja waimba foni kawiri, akuti ndipitenso ndekha. Wamuuza ndani za ubwana wangazi? Ndikukayikira amuna anga, poti odziwa ndi okhawo, ndiye masiku ano tikungoyankhulana mwa apo ndi apo. Nanga za ubwana zikukhudzana bwanji ndi magazi? Kapena akufuna kumangitsa nkhalambayi? Ndili ndi mantha. Ndipite?

E.T.M.

Mayi E.T.M.,

Bambowo alekeni, musawapachike mlandu wopanda mboni. Namwino ali ndi maso. Anafunsa inu, n'kuyankha wina, inu mutayang'ana pansi. Pamenepo safunikanso kazitape.

Mafunsowo si miseche. Mwana wokulira m'mantha, thupi lake limazolowera kukhala tcheru, ndipo kwa ena zimadzatulukira kuukulu: kusowa tulo, mtima kugunda, ngakhale BP yomweyo. Sindikuti anakudwalitsani ndi azakhali. Mwina ndi zakumtundu, mwina mchere, mwina kukhala pa makina osadzuka. Koma dokotala amene wapatsidwa mbiri yabodza amangopapasa.

Komabe kukayika kwanuko musakutaye, pitani nako. Safunsa anadya phula. Musanayankhe kalikonse, namwinoyo akuuzeni: pepalalo amasunga ndani? Dzina lanu lalembedwapo? Angalione ndani wina? Adzakutsatirani kwa zaka zingati? Za kumangitsa azakhalizo mufunsenso mosapsatira, mumve pakamwa pake. Akamazungulirazungulira, kanani kafukufukuyo. Kukana sikukulandani mankhwala. Koma dokotala wanu yekhayo muuzeni zonse, ndipo pemphani akulozereni kwa mlangizi. Kunyumba, bambo a ana anuwo afunseni poyera m'malo mowasungira kukhosi.

Chenjezo langa ndi ili: mankhwala musadumphitse, ndipo musakayambe kuzenga mlandu azakhali mtima ukadali m'mwamba, mungagwenso. Nkhani imeneyo idzakhala ndi tsiku lake, ngati mudzafune. Ulemu wawo apatseni kunyumba. Mukakawapatsira m'chipinda cha dokotala pobisa zoona, lidzalipire ndi thupi lanu.